MALO A MLENDO M'NYUMBA YA M'TAUNI

Mlendo akafika pa khomo la mnzace nanena kuti, "Odi!" eni nyumba amayankha kuti, "Lowani!" Mwambo umenewu uli umodzimodzi pa nyumba iri yonse, kaya ku Wusakile, kaya ku Kantanshi, kaya ku Matero. Koma mlendoyo akangoponda m'kati, asanapatsidwe ndi moni womwe, adziwa kale mumtima mwace ngati walandiridwadi kapena iai. M'nyumba yina maso ace agwera msanga pa mpando womyembekezera, ndipo akhala pansi mtima uli m'malo. M'nyumba yina aima cilili pa citseko, cisoti ciri m'manja, osadziwa kolowera, kufikira mwini nyumba atasuntha tebulo kapena kucotsa zobvala pa mpando. Nkhani ya lero ikamba za cimene cisiyanitsa nyumba ziwirizi. Kawirikawiri si ndalama ai, pakuti nyumba yaciwiriyo nthawi zambiri ndiyo iri ndi katundu wa mtengo wapatali. Cisiyanitsa ndi kaikidwe ka mipando ndi katundu wina yense wa m'nyumba.

KUMUDZI NDI M'TAUNI

Kumudzi makolo sanali kubvutika ndi nkhani yotere. Nyumba inali yogonamo ndi yosungiramo katundu, ndipo macezo anali kucitikira pa bwalo, pa khonde, kapena pa mthunzi wa mtengo. Madzulo anthu anali kukhala mozinga moto, kotero kuti munthu ali yense anali kuona nkhope ya mnzace ndi kumva mau ace popanda kupfuula. Pakadza mlendo, mwana anali kuthamangira kampando kosema kapena mphasa, anthu nasendera pang'ono, mlendo uja napeza malo. Bwalo silinali kudzala ai, cifukwa linalibe zipupa.

M'tauni zinthu ziri mwa mtundu wina. Cipinda cimodzi cocezeramo ndico cigwira nchito ya bwalo, ya khonde ndi ya podyera. M'menemo ndimo ana alembera za ku sukulu, m'menemo ndimo akulu akambira milandu ya banja, ndipo usiku cipinda comweco cisanduka cogona ca ana kapena ca alendo. Nchito zonsezi zipanikizana pakati pa zipupa zinai.

Kucepa kwa nyumbazi kuli ndi mbiri yace. Pamene migodi ikuluikulu inayamba kutulutsa mkuwa, wa Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939, nyumba zambiri za m'makomboni zinali za cipinda cimodzi cokha, pakuti eni makampani ndi a boma la atsamunda anali kuyesa wanchito ngati munthu wapaulendo amene adzabwerera kwao. Ku Lusaka, umene unakhala mzinda waukulu wa dziko mu 1935, anchito a ku Kabwata anali kukhala m'timanyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Totsala twace tinasungidwa mu 1974 monga mudzi wa zaluso, m'mene amisiri osema agulitsamo nchito zao. Lamulo la nyumba za m'matauni la mu 1948 ndilo linatsegula njira yomangira mabanja nyumba zokulirapo, monga za ku Matero ndi ku Chilenje. Kuyambira mu 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, nyumba za makhansolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo za ku migodi zinatsatira pambuyo pace. Ambiri anaonjezapo zipinda, koma cipinda cocezeramo m'nyumba zambiri cikali cija cacing'ono ca kale. Tsono mipando imene ikopa maso m'masitolo inapangidwira zipinda zazikulu, ndipo apa ndipo payambira bvuto.

NKHANI YA MASOFA

Nkhani yonga iyi si yacilendo m'makomboni. Mnyamata wina wa pa mgodi, atakwezedwa pa nchito, anapita ndi mkazi wace ku sitolo nakatenga pa ngongole masofa awiri akulu, mipando iwiri yofanana nao, tebulo la pakati ndi kabati ya magalasi. Cipinda cao cinali ca mamita 3 m'lifupi. Sofa iri yonse inali kudya masentimita 90 kucokera ku cipupa, motero ziwirizo poyang'anizana zinatha masentimita 180, ndipo panatsala 120 pakati. Tebulo la masentimita 60 litakhala pakatipo, mbali iri yonse kunatsala kanjira ka masentimita 30 okha, kosakwanira ngakhale maondo a munthu wokhala pansi. Pamwamba pa masofawo mkazi anayala tinsalu toyera toluka ndi manja, ndipo anansi onse anadza kudzaona nayamikira.

Patapita miyezi, amace a mnyamatayo anadza kucokera ku Petauke atanyamula ufa, nshawa ndi nkhuku. Atalowa anayang'ana tinsalu toyera tija, nayang'ananso citenje cao cofiira ndi pfumbi la m'njira, ndipo anaopa kukhalapo. Anafuna poyala mphasa, koma panalibe. Masiku onse a ulendo wao anathera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula. Tsiku lacinai anamanga katundu wao. Mwana wao anati, "Amai, mwafulumira bwanji? Kodi takulakwirani ciani?" Iwo anayankha kuti, "Iai mwananga, simunandilakwire. Nyumba yako njokongola, koma eni ace ndi mipando. Ine ndasowa pokhala."

Mnyamata uja sanamane amace cakudya, kapena kuwalankhula mwano. Koma nyumba yace inawauza kuti mulibe malo ao, ndipo ngongole ya mipando yomwe inawapitikitsayo inali ikali kudulidwa pa malipiro ace mwezi ndi mwezi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Malangizo otsatirawa ali othandiza banja kupewa colakwa cotere, ndipo ambiri a iwo safuna ngakhale ngwee imodzi.

NJIRA IKHALE YOYERA

Coyamba ndi njira. Mwini nyumba asanaganize za pokhala mpando uli wonse, ayambe waona m'mene anthu ayendera: kucokera pa khomo la kutsogolo kunka ku khichini, ndi kunka ku zipinda zogona. Njira zimenezi zikhale zoyera, zosapingidwa ndi kanthu. Munthu mmodzi afuna masentimita 60 kuti apite cabe, koma mai wonyamula mbale ya nsima yotentha, kapena nkhalamba ya ndodo, afuna masentimita 90, ndiwo mapazi atatu. Citseko citseguke conse kufikira ku cipupa. M'nyumba zambiri kuseri kwa citseko ndiko kuunjikidwa njinga, matumba a makala ndi makasu, kotero kuti citseko citseguka theka lokha ndipo mlendo alowa cammbali ngati mbala. Katundu wotere apezeredwe malo ena. Ndiponso pakabuka moto usiku, njira yoyera ndiyo ipulumutsa ana.

Nkwabwino kuti njira idzere m'mbali mwa pocezera, osati pakati pace. Ngati mwana ali yense wopita ku khichini ayenera kudutsa pakati pa atate ace ndi mlendo, nkhani idukaduka, ndipo mwanayo adzudzulidwa pa colakwa cimene ciri ca mipando.

MIPANDO IYANG'ANANE

Caciwiri ndi kakhalidwe ka mipando yeniyeniyo. Anthu ambiri aindanditsa m'cipupa cimodzi monga mabenchi a ku cipatala. Anthu okhala pa mzere wotere saonana nkhope. Wofuna kulankhula ndi wa kumapeto ayenera kuwerama ndi kupotoza khosi, ndipo posacedwa onse angokhala cete. Nzeru ya makolo yokhala mozinga moto ndiyo yoyenera kulowa nayo m'nyumba. Mipando ikhale monga cibonga ca mwezi, kapena iwiri mbali yino ndi umodzi copingasa pa ngondya, kuti ali yense aone anzace onse. Isatalikirane koposa mamita awiri ndi theka, pakuti kupyola apo anthu ayamba kukweza mau. Ndiponso isayandikane kufikira maondo a mlendo agundana ndi a mwini nyumba. Tebulo laling'ono likakhala pakati, pasiyidwe masentimita 45 pakati pa ilo ndi mpando, kuti munthu afikire kapu yace popanda kunyamuka, ndi kutambasula miyendo.

Mpando wa mlendo usankhidwe bwino. Ukhale woonekera msanga munthu ataima pa khomo, wolimba miyendo, ndi wopanda kanthu pamwamba pace. Usafulatire citseko, cifukwa munthu sakhazikika mtima pamene anthu alowa ndi kutuluka kumbuyo kwace. Usakhalenso pamene dzuwa la pa zenera lilasa m'maso. Mwambo uli wakuti mlendo ayamba wakhala pansi, ndipo pambuyo pace apatsidwa moni. Mwambo umenewu sutheka bwino ngati mpando uyenera kufunidwa mlendo ali ciimire.

Okalamba akumbukiridwe pa nkhani imeneyi. Sofa yakuya ndi yofewa ikondweretsa anyamata, koma munthu wa msana ndi maondo owawa akalowamo abvutika kutulukamo, ndipo acita manyazi kupempha dzanja. Mpando wa matabwa wa masentimita 45 kucokera pansi, wokhala ndi potsamira msana ndi pogwira manja, ndiwo umkomera munthu wotere. Pa simenti yopukutidwa ndi polishi wofiira, timakapeti tating'ono titerereka, ndipo tagwetsa nkhalamba zambiri. Nkwabwino kuticotsa pa njira.

MALO A MPHASA NDI A APONGOZI

Cacitatu ndi mphasa. Pali mabanja ena amene aganiza kuti mphasa ndi cizindikiro ca umphawi, ndipo aibisa pansi pa bedi. Kumeneku ndi kulakwa. Amai ambiri acikulire akonda kukhala pa mphasa ndi kutambalala, ndipo mai woyamwitsa apeza bwino pamenepo koposa pa mpando. Pa maliro, pa cinkhoswe, ndi pa mapemphero a m'nyumba, mphasa imodzi ilandira anthu asanu pa malo pamene pakadakhala mipando iwiri. Cifukwa cace m'cipinda cocezeramo musiyidwe danga la mphasa imodzi, ndipo dangalo likhale mbali ya bwalo la macezo, osati kuseri kwa sofa kapena pa njira ya ku khichini. Wokhala pa mphasa aone nkhope za okhala pa mipando, kuti adziwe kuti nkhani iri yacenso.

Palinso mwambo wa upongozi. Pakati pa Acewa, Ansenga, Angoni ndi mitundu yina yambiri, mkamwini ndi apongozi ace sakhala moyandikana kapena kupenyana maso ndi maso. Kumudzi bwalo liri lalikulu ndipo ulemu umenewu usungika wokha. M'cipinda cacing'ono usungika pokhapo eni nyumba atauganizira. Sofa imodzi yaitali ikakamiza anthu oopana kukhala phewa ndi phewa. Koma mipando yopepuka ya munthu mmodzi mmodzi itheka kusunthidwa, wina nakhala capambali pafupi ndi khomo, ndipo onse akamba momasuka. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene mipando yaing'ono inai iposera sofa imodzi yaikulu m'nyumba ya m'komboni.

WAILESI NDI TV

Mu 1949 munafika m'dziko muno kawailesi kochipa ka batiri kochedwa Saucepan Special, ka maonekedwe a poto, kamene kanali kugulidwa ndi mapaundi 5. Kanali kukhala pa tebulo kapena pa shelefu, anthu nakazinga monga moto, akali kuonana nkhope. TV, imene inayamba ku Kitwe mu 1961, iri ndi khalidwe lina: ifuna maso a anthu onse. M'nyumba zambiri lero mipando yonse yatembenukira ku TV, ndipo mlendo woyenda ulendo wa tsiku lathunthu apatsidwa moni wa m'mbali mwa pakamwa. Cothandiza ndi kuika TV pa ngondya kapena ca m'mbali, kuti mipando iyambe yayang'anana yokha, ndipo ofuna kupenya acite kutembenuka pang'ono. Isayang'anizane ndi zenera, pakuti kuwala kucititsa zithunzi kusaoneka, ndipo anthu ayamba kutseka makatani usana. Mlendo akalowa, kuitseka kapena kuicepetsa mau ndi ulemu woposa tiyi. Nthambo za magetsi zidzere m'mbali mwa cipupa, zisapingase njira kapena kubisika pansi pa kapeti, pamene zingathe kunyuka ndi kuyatsa moto.

KUWALA NDI MPHEPO

Nyumba yamdima ndi yofunda mpweya siikondweretsa munthu, ngakhale mipando ikhale yokongola cotani. Kabati yaitali isaime pa zenera. Katundu wamtali akhale ku cipupa copanda zenera, makamaka cimene munthu saciona poyamba polowa, ndipo pansi pa zenera pakhale zinthu zazifupi. Mazenera awiri oyang'anizana, kapena zenera ndi khomo, apatsa mphepo njira yopitira. Njira imeneyi ikatsekedwa, mwezi wa October nyumba ya malata isanduka ng'anjo.

Dzuwa nalonso liri ndi mayendedwe ace. M'miyezi yozizira ya June ndi July lidzera ca kumpoto, motero zenera la kumpoto lilowetsa kadzuwa kofunda, ndipo pamenepo ndipo poyenera mpando wa agogo. Zenera la kumadzulo lilowetsa dzuwa loopsa la masana m'nyengo yotentha, limene lifwifwitsa nsalu za mipando ndi kung'amba matabwa. Pamenepo pafunika katani yocindikala. M'nyengo ya mvula zipupa zicita cinyezi. Kabati, bedi ndi sofa zisagunde cipupa ceniceni, koma pasiyidwe danga lolowa dzanja, kuti mphepo ipite ndipo zobvala zisacite cuku. Danga lomwelo lithandiza tsache kufika kumene mphemvu ndi makoswe akonda kubisala.

MBAULA NDI KANDULO

Pano pali nkhani ya moyo ndi imfa. Makala oyaka atulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo kapena maonekedwe. M'cipinda cotseka mpweya umenewu uyamba ndi kuwawitsa mutu ndi kucititsa cizungulire, kenaka munthu agona tulo tosauka nato. Mabanja athunthu atha motere m'nyengo yozizira. Mbaula malo ace ndi pa bwalo kapena pa khonde. Ikalowa m'nyumba cifukwa ca mphepo, zenera likhale lotsegula, iikidwe kutali ndi makatani, masofa ndi njira ya ana, ndipo itulutsidwe anthu asanagone. Mlendo asaikiridwe mbaula m'cipinda cogona poyesa kumcitira cifundo.

Magetsi akathima, kandulo iimikidwe m'mbale ya citsulo kapena ya dothi, pa malo ace odziwika, kutali ndi katani ndi neti ya udzudzu. Kuimika kandulo pa dzanja la sofa kapena pamwamba pa TV ndi kuitana moto, pakuti siponji ya m'mipando igwira moto msanga ndi kutulutsa utsi wakupha. Kabati yaitali ikhomeredwe ku cipupa ngati m'nyumba muli ana okwerakwera, ndipo zolemera zikhale m'munsi mwace. Mankhwala, parafini ndi macesi zikhale pa shelefu ya pamwamba.

MWAMUNA WA SHIFITI YA USIKU

Nyumba ya munthu wa pa mgodi iri ndi cosowa cina cimene nyumba zina ziribe. Mwamuna wogwira shifiti ya usiku agona usana, nthawi imene ana asewera ndipo alendo a mkazi wace afika. Munthu wosagona mokwanira akalowa pansi pa mgodi aika moyo wace ndi wa anzace pa ngozi. Tsono bedi lace lisatsamire cipupa cimene kuseri kwace kuli TV kapena wailesi. Kabati ya zobvala ikaima pa cipupa cimeneco icepetsa phokoso, ndipo katani yakuda pa zenera ithandiza tulo. Masiku otere mipando iwiri yopepuka ndi mphasa zitulutsidwe pa khonde kapena pa mthunzi wa mtengo wa mango, kuti mai alandire alendo ace popanda kunong'ona, ndipo mwamuna apumule.

Majombo, cisoti ndi ovolosi ya ku nchito zikhale ndi msomali ndi bokosi lao pafupi ndi khomo la kuseri, zisalowe m'cipinda cocezeramo. Ku Kabwe nkhani imeneyi iri yaikulu koposa. Mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi la mtovu likali m'dothi la makomboni oyandikana nao, ndipo liononga ubongo wa ana ang'ono amene akwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Kumeneko nsapato zibvulidwe pa khomo, ndipo pansi ndi pa mipando papukutidwe ndi nsalu yonyowa m'malo mwa kusesa kouma. Nyumba ya katundu wocepa, woima pa miyendo yoonekera pansi, ipukutika msanga ndi bwino.

PODYERA NDI POGONA MLENDO

Tebulo lodyera la masentimita 75 kutalika kwace ndilo liyenerana ndi mipando wamba, ndipo munthu ali yense afuna masentimita 60 a m'mbali mwa tebulo kuti adye nsima popanda kugunda mnzace ndi cigongono. M'cipinda cacing'ono tebulo likhale lotsamira cipupa pafupi ndi khomo la ku khichini, ndipo likokedwe pokhapo pakaculuka anthu. Benchi ndi timipando topanda potsamira tilowa pansi pa tebulo tikatha nchito. Beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja zikhale ndi malo ao pafupi. Tebulo lomwelo ndilo la ana a sukulu madzulo, motero likhale pansi pa nyale.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma usiku umene ali pa nyumba ayenera kugona mwaulemu. Cipinda ca eni nyumba mlendo salowamo, motero kawirikawiri agona m'cipinda cocezeramo. Banja lanzeru liganiziratu zimenezi: tebulo la pakati likhale lopepuka, lotheka kunyamulidwa ndi munthu mmodzi, kuti matiresi apeze malo, ku denga kapena ku zipupa kukhale misomali yokolekapo neti, ndipo pakhale ngondya yoikapo cikwama cace, ndi waya wa katani womchinga pobvala. Zinthu zimenezi ziri zazing'ono, koma mlendo azikumbukira zaka zambiri.

POGULA KATUNDU

Wofuna kugula mipando ayambe wapima cipinda cace ndi citseko cace, ndipo apite ku sitolo ndi cingwe copimira m'thumba. Njira yina yabwino ndi kuyala manyuzipepala pansi, pa malo pamene mpando udzakhala, ndi kuyendamo tsiku lathunthu; ngati banja lipunthwa pa mapepala, lidzapunthwa koposa pa matabwa. Safunsa anadya phula. Wogula pa ngongole awerengere pamodzi ndalama za miyezi yonse, pakuti zipambana kutali mtengo wolembedwa pa katundu, ndipo nchito ya pa mgodi iyenda ndi mtengo wa mkuwa, umene ukwera ndi kutsika.

Amisiri a matabwa a m'misika akhoza kupanga mpando wolingana ndi cipinda, cimene sitolo siicita. Mlombwa, umene ambiri auchula mukwa, ndi mtengo wokongola, wosapindika ukauma, ndipo ciswe sicifulumira kuudya. Mukusi wa ku Mulobezi ndi wolimba ndi wolemera kwambiri. Paini wa m'minda ya mitengo ya ku Copperbelt ndi wochipa ndi wopepuka, koma ndi wofewa ndipo afuna vanishi ndi kusamala ciswe. Matabwa ali onse akhale ouma bwino, cifukwa awisi ang'ambika ndi kumasuka m'mfundo. Katundu wogwirapo kale ayang'anidwe m'misoko ndi m'ming'alu asanalowe m'nyumba, kuopa nsikidzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mipando iwiri yolimba caka cino, tebulo caka ca mawa, iposa nyumba yodzala tsiku limodzi ndi katundu wa eni sitolo.

Za pa zipupa nazo zisacuruke. Zithunzi zocepa za banja, zopacikidwa pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, zipatsa mlendo poyambira nkhani. Makalendala a zaka zakale acotsedwe. Kalilole woyang'anizana ndi zenera aonjeza kuwala m'cipinda camdima.

KUYESA NYUMBA

Pali njira yapafupi yoyesera zonsezi. Mwamuna ndi mkazi wace, pakuti mutu umodzi susenza denga, atuluke pa bwalo, atseke citseko, ndipo alowenso monga alendo. Ataima pa khomo adzifunse mafunso anai: Kodi citseko catseguka conse? Kodi maso aona msanga pokhala? Kodi wokhala pamenepo aona nkhope za onse? Kodi amai a kumudzi akadza lero, mphasa yao iyalidwa pati? Akatero akhale pa mpando uli wonse kamphindi, pakuti mwini nyumba azolowera mpando wace nakhala zaka osadziwa kuti wa mlendo ugwedera kapena uli pa mphepo.

Mnyamata wa pa mgodi uja anacita comweco. Iye ndi mkazi wace anagulitsa sofa imodzi nacepetsa nayo ngongole, anasunthira kabati ya magalasi ku cipupa ca kuseri, ndipo tebulo la pakati analiika pa ngondya. Pansi pa zenera la kumpoto panatsala danga, nagula mphasa yatsopano pa msika. Caka cotsatira, atatha kukolola, amai ace anadzanso. Analowa, nayang'ana uku ndi uku, nakhala pa mphasa paja natambalala, adzukulu nawazinga. Mpongozi wao atagwada kuwapatsa moni, iwo anati, "Tsopano ndafika pa nyumba ya mwana wanga." Ulendo umenewo anakhala mwezi wathunthu.